Kagalimoto ka a Derek ndi khutu langa

Tadala ndi Yamikani, ana anga, mutu uno wa mbiri yanga ndaulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti ndikakulankhulani mumayankha m'Chingerezi, koma apa muwerenga basi, pokuvutani mukafunse mayi anu. Za ubwana wanga ndinakusimbirani kale mpaka munkayasamula. Pano ndikufuna kukuuzani za khutu langa, chifukwa ndi limene linakulerani, komanso za kagalimoto kamodzi kosaoneka bwino kamene kanatsala pang'ono kundivula pagulu ndili pafupi kupuma pa ntchito.

1981 mpaka 2003: Blantyre

Ntchito yanga yoyamba inali m'galaja ya mabasi ku Blantyre. Kapitawo wathu anali a Gondwe, munthu wamfupi, waukali, wosaseka ndi wophunzira ntchito. Masiku amenewo zipangizo zinali zosowa kwabasi. Ukatsegula injini mwachisawawa ulibe gasiketi yatsopano yomatira polumikizira zitsulo, ndiye kuti basi ija ikhala pamiyala mpaka udzu kumera pansi pake. Ndiye a Gondwe sankalola munthu kugwira sipanala asanayambe wamvetsera. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuikhudzitsa pa injini ikulira, chogwirira chake n'kuchikanikiza pakhutu, kenako n'kutsinzina ngati ali m'pemphero. Akatha ankakupatsa iwe n'kukufunsa zimene wamva. Ukangoti wamva injini, ankakuthamangitsa kukatsuka matayala tsiku lonse.

Ine ndinali ndi mwayi, khutu langa linali lakuthwa. Pasanapite zaka zambiri ndinkatha kuima kunja kwa galaja, basi ikulowa pageti, n'kuuza anzanga kuti imeneyo lamba wake watha kapena ikutulutsa mpweya penapake. Madalaivala akamva kachilendo paulendo ankangoti, kamuitaneni Wyson adzamve. Ndisaname, ndinkanyada nazo, mwina kupyola muyeso. A Gondwe sanandiyamikirepo ndi pakamwa, koma tsiku lomwe ankapuma pa ntchito anandipatsa sikuludiraiva yawo ija, ndipo ndi imene mumaiona m'kabati ya m'khitchini mpaka lero.

M'zaka zomwezo ndinakwatira mayi anu, ali nesi wachitsikana, woyimba m'kwaya. Inu simunawadziwe nthawi imeneyo. Anali munthu woti sagwira ntchito osayimba. Akamasita, akamasesa, akamakusambitsani, ankayimba chapansipansi ndi mawu aang'ono, okwera, ongodzimvera okha. Ndikamachokera kuntchito ndinkadziwa kuti ali m'nyumba ndisanagwire chitseko.

2003 mpaka 2011: Croydon

Mayi anu ndi amene anatsogola kubwera kuno ku London atapeza ntchito m'chipatala, ife n'kutsatira chaka chinacho. Mapepala anga a umakaniko azungu sanawayang'ane kawiri. Munthu amene ndinali ndi gulu la amakaniko pansi panga ndinayamba ndi kukolopa mabasi m'depoti ya ku Croydon, kutola mabotolo ndi chingamu pansi pa mipando. Zinandiwawa, koma walira mvula walira matope. Ndinabwerera m'kalasi ndili ndi imvi zoyamba, ndinalemba mayeso awo, ndipo pamapeto pake anandilola kulowanso pansi pa basi.

Galaja ya kwathu inali yotseguka, phokoso linkathawira kumwamba. Ya kuno inali chinyumba chotsekedwa mbali zonse chifukwa cha kuzizira, mainjini akulirira pamodzi, makina omasulira manati akuombera ngati mfuti. Anatipatsa zotsekera m'makutu, ndipo mayi wina woona za chitetezo ankazungulira kudzationa ngati tavala. Ine ndinkavala akamadutsa, akangokhota n'kuzikoleka m'khosi. Ndinkauza anzanga kuti makaniko wotseka makutu ali ngati wophika ndiwo wotseka mphuno, iwo n'kumaseka. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, ana anga, ndipo yanga inkalowa pang'onopang'ono moti sindinaimve.

Ndi m'zaka zimenezi pomwe ndinazindikira kuti mayi anu asiya kuyimba m'nyumba. Sindinganene tsiku, ndinangoona kuti m'nyumba muli zii. Ndinaganiza kuti ndi kutopa kwa mashifiti, kapena kuzizira, kapena maliro a agogo anu amene tinalephera kukakhalapo. Mumtima ndinkati dziko lino lawaphera chimwemwe, ndipo ine mwamuna wawo ndalephera kuwabwezera. Sindinafunse. Amuna a msinkhu wathu sitifunsa zoterezi, timangogula nyama Loweruka n'kumati takonza. Komanso anayamba kundinyansa ndi kalankhulidwe kawo. Ndinkawauza kuti asiye kulankhulira m'kamwa ngati Mngerezi wa pa basi. Mukukumbukira mikangano ya wailesi ya kanema ija, inu mukutsitsa, ine ndikukweza.

2011 mpaka 2023: Woolwich

Msana utayamba kukana mabasi, ndinapeza malo m'kagalaja kakang'ono ka pansi pa mlatho wa njanji ku Woolwich. Mwini wake anali a Derek, mzungu wamtali, wowonda, amene unyamata wake wonse anauthera pa mipikisano ya njinga zamoto mpaka makutu anafa. Anali ndi timakina tothandiza kumva, koma m'galaja ankatichotsa n'kutiika m'kachitini ka fodya, ati phokoso la zitsulo likalowa m'timakinato limawabaya m'mutu. Tsiku lokandiyesa ntchito sanandifunse mapepala. Analiza galimoto ina yakale n'kundiuza kuti ndinene vuto lake. Ndinazungulira kamodzi, ndinaika sikuludiraiva ya a Gondwe pakhutu, n'kutchula. Iwo anagwedeza mutu n'kunena mokweza, monga amachitira anthu osamva:

"Manja ndili nawo, Wyson. Chimene ndilibe ndi makutu. Iwe ukhala makutu anga."

Mawu amenewo muwasunge, chifukwa ntchito yanga yonse pamenepo inatsamira pa iwo. Anyamata odziwa kulumikiza kompyuta ku galimoto anali mbwee m'London, ndipo a Derek akanatha kutenga aliyense. Ine ananditengera khutu. Makasitomala ankauzana kuti ku Woolwich kuli Mmalawi amene amamva galimoto. Ndipo ndinkamvadi, chifukwa matenda ambiri a injini amalira mawu aakulu, a besi, ogunda, omwe munthu amawamva ndi m'mafupa momwe.

Pakona ya galajayo, pansi pa chinsalu, panali chidole cha a Derek. Kuno kuli magalimoto ogula m'mabokosi: amakutumizira mafupa ake, matayala, mipando iwiri, iwe n'kumanga wekha, injini n'kusaka komwe ukudziwa. A Derek anaikamo injini ya njinga yamoto, ya zazikulu zothamanga zija. Kanali kagalimoto kofupika ngati bafa, kopanda denga, kopanda zitseko, paipi ya ekizozi, yotulutsira utsi, ikudutsa m'mbali pafupi ndi chigongono cha woyendetsa. Ndinkawaseka kuti kwathu kotereka ana amapanga ndi mawaya. Tinkakagwira ntchito ikachepa, chaka ndi chaka, iwo n'kumati akufuna akakayendetse pamsewu maondo asanawakane.

Galimoto yodzimangira siiloledwa pamsewu mpaka boma litaiyeza chilichonse, mabuleki, magetsi, utsi, ngakhale nsonga zakuthwa zoti zingacheke munthu. Koma chimene aliyense womanga ndi injini ya njinga amaopa ndi phokoso. Woyeza amaimika maikolofoni pafupi ndi kamwa la ekizozi, n'kukuuza kuti uponde mafuta mpaka injini ifike magawo atatu mwa anayi a liwiro limene imatulutsira mphamvu zake zonse. Pa galimoto wamba pamenepo injini imangong'ung'udza. Koma injini ya njinga imazungulira mothamanga kwambiri, ndiye pofika pamenepo imakhala ikukuwa ngati nkhumba yogwidwa miyendo. Tinkadziwa zimenezi. Tinagula sailensa yaikulu yochepetsera phokoso la ekizozi, mapaipi tinawakulunga ndi nsalu yosapsa, polowera mpweya tinamangapo kabokosi. Tikasintha chinthu, a Derek ankaponda mafuta n'kundiyang'ana. Ine ndinkapendeka mutu monga katswiri, n'kuwauza kuti tsopano kakulira ngati makina osokera.

2022: Mayeso oyamba

Tinakanyamula pa ngolo yokokedwa ndi galimoto m'mawa wina wa mwezi wa Meyi, a Derek atavala jekete yawo yachikopa ya m'masiku a mipikisano. Woyeza anali mayi wina wodekha, wosalankhula zambiri. Mabuleki anadutsa, magetsi anadutsa, utsi unadutsa. Titatuluka panja kukayeza phokoso ine ndinali nditapinda manja, ndikuganiza kale za tiyi. A Derek anaponda mafuta. Ndinaona mayi uja akukwinya nkhope n'kubweza mutu m'mbuyo, kenako n'kuyang'ana mita yake yoyezera phokoso. Anayesanso, n'kupukusa mutu. Anati kadutsa malire, ndipo osati pang'ono. A Derek atavala timakina tawo kuti amve chigamulo, mayiyo anawonjezera kuti iye si makaniko, koma kalikhweru kakuthwa kamene kakumveka injini ikakwera ndi pamene tiyambire kufufuza.

A Derek anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti likhweru lake liti. Ana anga, ine sindinamve likhweru lililonse. Ndinaona nkhope ya mayi uja ikukwinyika ndi chinthu chimene kwa ine kunalibe. Ndinangoti tikaona ku galaja. Ulendo wonse wobwerera a Derek ankatukwana mita ya boma, ati ndi yakufa, ine ndikukumbukira zinthu zimene sindinkafuna kukumbukira: belu la pakhomo limene ndinkati ndi lowonongeka, ketulo imene ndinkaiwala pamoto, ana inu mukutsitsa wailesi.

Madzulo ake ndinauza mayi anu. Ndinkayembekezera kuti adabwa. Iwo anapitiriza kudula anyezi, n'kunena kuti akhala akundiuza kwa zaka, koma ndinkati akulankhulira m'kamwa. Anandipezera tsiku kuchipatala. Kumeneko mtsikana wina anandiveka zomvera, n'kundiuza kuti ndizidina batani ndikamva kulira. Ndinadina, ndinadina, kenako ndinakhala nthawi yaitali ndikudikira kuti ayambirenso, osadziwa kuti makinawo akulirabe. Anandifotokozera mwaulemu kuti mawu aakulu ndikumva bwino, koma mawu aang'ono okwera anapita kalekale ndipo sabwerera. Timakina ndidzalandira, koma pamzere panali anthu ambiri, ndidikire miyezi. Koma nthawi imene woyeza uja anatipatsa yokayezetsanso kagalimoto ikanatha timakinato tisanabwere.

Ndinatuluka m'chipatalamo mtima ukulira. Sindinkalira makutu ayi, ndinkalira dzina. Munthu wolembedwa ntchito kuti akhale makutu a mnzake, n'kupezeka kuti nayenso ndi gonthi, watsala ndi chiyani? Ndinali nditatsala ndi chaka kuti ndipume, ndipo ndinkafuna kutuluka pakhomo la kutsogolo, osati kuuzidwa mwachifundo kuti ndikapume msanga.

Masiku otsatira ndinagwira kagalimoto kaja ngati wamisala. Ndinamanga manati onse, ndinasintha magasiketi, ndinapaka thovu la sopo polumikizira paliponse kuti ndione ngati patuluke mpweya. Palibe. A Derek anabwereka mita kwa mnzawo, ndipo nambala inali yomweyo. Kenako tsiku lina anabwera ndi phukusi la waya wotsukira mapoto. Anati anzawo ambiri amatero: umakanikizira wayayo m'sailensa, phokoso limatsika kwa tsiku limodzi, ukadutsa mayeso n'kukachotsa. Anandifunsa maganizo anga.

Apa ndi pamene panali pothina. Ndikanavomera, mwina kakanadutsa, ndipo nkhani ya likhweru ikanafera pomwepo, a Derek osadziwa kanthu za makutu anga. Mtima unafuna, ndisakubisireni. Koma likhweru ndi mpweya wotentha umene ukuthawa penapake, ndipo paipi ija inkadutsa pafupi ndi mapaipi a mafuta, pafupi ndi mwendo wa nkhalamba imene inkandikhulupirira. Ndinawakodola kuti avale timakina tawo. Atavala ndinati:

"A Derek, likhweru lija lilipo. Koma ine sindilimva. Makutu anga anafa ngati anu omwewa."

A Derek anafunsa kuti kuyambira liti, ndinati mwina ndisanabwere n'komwe pagalaja pawo. Anakhala pa tayala, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka kotuluka misozi. Anati ndiye kuti zaka zonsezi agonthi awiri akhala akufunsana ngati galimoto ikulira bwino. Ine sindinaseke nawo, manyazi anali atandigwira. Atapukuta m'maso anataya waya uja m'bini, n'kufunsa funso limene linali lenileni: nanga atimvere ndani? Timakina tawo sitikanathandiza, injini ikakuwa timangosokosera osasiyanitsa kanthu.

Loweruka limene mayi anu analowa m'galaja

Zaka zonse zimene ndinagwira ku Woolwich mayi anu anali asanapondepo m'galajamo. Ndinawapempha ndi mawu otsika, ngati mnyamata wofunsira mbeta. Anandiyang'ana, n'kunena kuti ha, lero a katswiri akufuna khutu la nesi. Koma Loweruka anakwera nane basi, atavala nsapato zawo za kutchalitchi, ati sapita kwa abwana anga ngati wopita kumunda.

Tinatulutsa kagalimoto panja, tinakasiya kalire mpaka katenthe. A Derek anaponda mafuta. Mayi anu anadzidzimuka n'kugwira pamtima, kenako anatseka khutu limodzi ndi chala, n'kutsinzina, ndendende a Gondwe. Anayenda pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo, chikwama chili m'khwapa. Pa sailensa, pamene ife tinathera masabata, anadutsa osaima. Anakaima kutsogolo, pamene mapaipi amatulukira mu injini atakulungidwa nsalu ija, n'kuloza ndi chala. A Derek atasiya mafuta, mayi anu anati injini ikakhala pansi kalikhweru kaja kulibe, koma ikakwera kamayamba, ndipo anakayeserera ndi pakamwa. Ndinaona milomo yawo itasongoka, koma sindinamve kanthu.

Ndinatenga sikuludiraiva ya a Gondwe. M'malo moika pakhutu, chogwirira ndinachikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu, nsonga ndikuyendetsa paipi ndi paipi. Pa yachitatu ndinamva kunjenjemera kwachilendo kukulowa m'chigaza. Injini itazizira tinamasula nsalu. Pamalo owotcherera panali kamng'alu kochepa ngati tsitsi, kotsekeka chitsulo chikazizira, kotseguka chikatentha. N'chifukwa chake sopo wanga sanaone kanthu, komanso nsalu imene tinakulunga tokha ndi imene inkabisa. Ndinawotcherera tsiku lomwelo. Titalizanso, tonse awiri tinayang'ana mayi anu ngati ana oyembekezera zotsatira za mayeso. Iwo anamvetsera, anamvetseranso, n'kunena kuti kalikhweru kasiya, koma kagalimotoko n'konyansabe.

Mayeso achiwiri

Tinapeza mayi woyeza yemwe uja. Anaimika maikolofoni yake, a Derek anaponda mafuta, ine sindinayang'ane mita, ndinayang'ana nkhope yake. Sinakwinyike. Anayesa kachiwiri monga mwa lamulo, analemba, n'kunena kuti kadutsa, ngakhale kuti kadutsira pakhoma penipeni. Ana anga, mpweya umene ndinatulutsa pamenepo unali wa miyezi. Ndinakhala pa ngolo ija. A Derek anandimenya pamsana mpaka kutsokomola.

Pobwerera ndinawafunsa mosazungulira ngati akufuna ndiwapezere munthu wina wamakutu. Anati ndisawatopetse. Anati magalimoto onse amene ndinakonza zaka zonsezi sanabwerere, ndiye kaya ndinkamvera m'makutu kaya m'mafupa, iwo alibe nazo ntchito. Anangowonjezera kuti kuyambira tsopano galaja ikhala ndi zitini ziwiri za fodya. Ndinagwira mpaka tsiku langa lopuma linakwana chaka chotsatira, ndipo ndinatulukira pakhomo la kutsogolo. A Derek ananditengera kunyumba pa kagalimoto komweko, mphepo ikundikwapula kumaso, anthu a pa siteji ya basi akutijambula.

Timakina tanga tinabwera chaka cha mayeso chomwecho, chilimwe chitatha. Ndinavalira kuchipatala, ndipo panjira dziko linandisokosa: makiyi m'thumba, mabuleki a basi, mbalame zimene ndinkayesa kuti m'London mulibe. Nditafika pa fulati yathu ndinaima pakhomo ndikusaka kiyi. Ndipo ndinamva. Mawu aang'ono, okwera, chapansipansi, nyimbo ya m'kwaya ya ku Blantyre ija, ikuchokera kukhitchini pamodzi ndi kulira kwa mbale. Ndinaima pamenepo kiyi ali m'manja mpaka nyimbo inatha, ndipo sindichita manyazi kukuuzani kuti ndinalira.

Nditalowa ndinawapeza akutsuka mbale, atandifulatira. Ndinati:

"Mayi a Tadala, mwayambiranso liti kuyimba?"

Anatembenuka, manja ali thovu lokhalokha, n'kundiyang'ana modabwa.

"Kuyambiranso? Inu bambo a Tadala, ndinasiya liti?"